Maola 200 pa mphasa: ndemanga yanga pa maphunziro a uphunzitsi wa yoga ndi ulangizi wa za umoyo

Papita miyezi 7 chilandirireni satifiketi yanga ya uphunzitsi wa yoga, ndipo ndinachita kudikira dala nthawi yonseyi ndisanalembe ndemanga ino, chifukwa ndinkafuna kuona kaye ngati zimene ndinaphunzira zingagwiredi ntchito pa anthu wamba, a mawondo opweteka ndi misana youma, osati pa anzanga a m'kalasi okha amene ankabwera matupi ali ofewa kale. Pofika lero ndaphunzitsa makalasi oposa 80, ndipo ndikutha kunena mosakayika kuti maphunziro amene ndinachita anali ndi mbali ziwiri zosiyana kwambiri. Mbali yophunzitsa yoga inali yabwino ndipo ndikuiyamikira ndi mtima wonse, pamene mbali imene inalonjeza kundisandutsa mlangizi wa umoyo wa munthu yense inandisiya ndi nkhawa imene mpaka pano sinathe.

Maphunzirowa anali a maola 200 ndipo anatenga miyezi 5. Gawo lalikulu linkachitika pa intaneti: madzulo atatu pa mlungu tinkakumana ndi aphunzitsi pa Zoom, ndipo nthawi yotsalayo tinkaonera mavidiyo ojambulidwa kale ndi kuwerenga zimene atipatsa. Kumapeto kwake tinakumana pamasom'pamaso kwa masiku 14 otsatizana, kuyambira mbandakucha mpaka madzulo. Pamwamba pa zimenezi, sukuluyo inali ndi gawo lina la maola 60, lolipira padera, limene ankati limaphunzitsa kusamalira thupi, maganizo ndi mzimu pamodzi, ndipo munali maphunziro a kadyedwe, a Ayurveda (mwambo wakale wa zachipatala wa ku India) ndi a kusinkhasinkha. Ine ndinalembetsa magawo onse awiri. Ndinali nditachita yoga kwa zaka 4, nditaiyamba chifukwa cha msana umene unkandivuta ndikakhala pa desiki tsiku lonse, ndipo popeza inali itandithandiza, ndinkalakalaka kuti ndithandizenso ena.

Munthu asanatulutse ndalama zake, ayenera kumvetsa tanthauzo la nambala ya 200 imeneyi, chifukwa masukulu ambiri poitanira malonda amaifotokoza ngati digiri. Muyezo umenewu unatchuka kudzera ku Yoga Alliance, bungwe la ku United States limene linakhazikitsidwa mu 1999, lomwe limalemba m'kaundula masukulu ndi aphunzitsi amene atsatira ndondomeko yake. Womaliza maola 200 pa sukulu yolembetsedwa amatha kulembetsa dzina lake n'kumadziwika ndi zilembo za RYT 200, kutanthauza mphunzitsi wa yoga wolembetsedwa wa maola 200, ndipo wopitiriza ndi maola ena 300 amafika pa RYT 500. Kaundulayu ndi wa bungwe loima palokha. Si chiphaso cha boma ngati cha namwino kapena cha dokotala, ndipo sapatsa munthu ufulu woyeza matenda kapena wouza wina mankhwala oti amwe. Ku India, kumene yoga inachokera, kuli njira ina, chifukwa unduna wa AYUSH, woona za yoga ndi mankhwala achikhalidwe, umene unakhazikitsidwa mu 2014, uli ndi bungwe lake loyesa aphunzitsi a yoga ndi kuwapatsa ziphaso za milingo yosiyanasiyana. Sukulu yathu inali m'kaundula wa bungwe la ku America lija, ndipo ndiyenera kuiyamikira kuti pa tsiku loyamba mkulu wa maphunziro ananena poyera kuti satifiketi imene tidzalandire ndi poyambira chabe kuphunzira ntchito, osati umboni woti taidziwa kale. Chodandaulitsa n'chakuti mawu achilungamo amenewa tinawamva titalipira kale. Pa tsamba lawo la pa intaneti panali zithunzi za anthu ataima ndi mutu pamodzi ndi malonjezo a moyo watsopano.

Abambo amene ankatiphunzitsa mbiri ndi nzeru za yoga anali munthu wofatsa, wodziwa chilankhulo cha Sanskrit, ndipo maphunziro awo ndinkawayembekezera mlungu ndi mlungu. Anatiwerengera Yoga Sutra ya Patanjali, buku la timawu tachidule pafupifupi 196 togawidwa m'machaputala 4, n'kutionetsa chinthu chimene chinandidabwitsa kwambiri: m'buku lonselo, kakhalidwe kapena kaimidwe ka thupi, kamene ambirife timaganiza kuti ndiko yoga yeniyeniyo, kamafotokozedwa m'mizere itatu yokha, ndipo woyamba mwa mizereyo umangonena kuti munthu akhale mokhazikika ndi momasuka. Kakhalidwe ka thupika, kamene amakatcha asana, ndi nthambi yachitatu mwa nthambi 8. Patsogolo pake pali yama ndi niyama, omwe ndi malangizo a khalidwe monga kusavulaza chamoyo, kunena zoona, kusaba ndi kukhutira ndi zimene uli nazo. Pambuyo pake pamabwera pranayama, komwe ndi kuwongolera mpweya, kenako kubweza maganizo kuchoka ku zakunja, kuika mtima pa chinthu chimodzi, kusinkhasinkha, ndipo pamapeto pake samadhi, pamene maganizo amazama kotheratu m'chimene munthu akusinkhasinkha.

Chimene ndinawakondera kwambiri n'chakuti sanatinamize za mbiri. Anatiuza kuti Hatha Yoga Pradipika, buku la Svatmarama la m'zaka za m'ma 1400, limafotokoza ma asana 15 okha, ndipo ambiri mwa iwo ndi ochita munthu ali pansi. Yoga yoyenda mwachangu kuchoka pa kaimidwe kena kupita pa kena, imene imaphunzitsidwa m'mizinda yambiri masiku ano, inaumbidwa makamaka m'zaka za m'ma 1900, ndipo dzina lalikulu pa nkhaniyi ndi la Tirumalai Krishnamacharya, amene ankaphunzitsa ku nyumba yachifumu ya ku Mysore m'zaka za m'ma 1930. M'manja mwake munadutsa B.K.S. Iyengar, K. Pattabhi Jois ndi Indra Devi, amene anafalitsa yoga kumayiko akutali. Iyengar, amene ankaphunzitsa ku Pune ndipo anatulutsa buku lake la Light on Yoga mu 1966, ndi amene anatchukitsa kugwiritsa ntchito malamba, mabulangete, mipando ndi timatabwa tooneka ngati njerwa pothandiza thupi limene silingathe kufika pamene kaimidwe kakufuna. Aphunzitsi athuwa ankati mphunzitsi amene amauza anthu kuti kaimidwe kalikonse kakhalapo kwa zaka zikwizikwi mosasintha wayamba kale kuphwanya lamulo la kunena zoona, ngakhale kalasi isanafike pakati.

Panali tsiku lina limene mnzathu wina, wopemphera kwambiri, anafunsa ngati angathe kuphunzitsa yoga popanda kutsutsana ndi chikhulupiriro chake. Ndinkayembekeza yankho lozemba, loti yoga ndi masewero olimbitsa thupi basi, koma sanayankhe choncho. Anafotokoza kuti yoga inakulira m'kati mwa zikhulupiriro za Chihindu, Chibuda ndi Chijaini, kuti mawu oti surya namaskara amatanthauza kulonjera dzuwa, ndiponso kuti liwu la Om ndi lopatulika kwa anthu mamiliyoni ambiri, kotero kuti si chinthu chongokometsera kalasi. Anakumbutsa kuti ngakhale Swami Vivekananda, amene anathandiza kudziwitsa azungu za nzeru zimenezi atalankhula ku Chicago mu 1893, anapita kumeneko ku msonkhano wa zipembedzo. Kenako anati aliyense ali ndi ufulu wosankha zimene chikumbumtima chake chikumulola, koma awauze ophunzira ake momveka chimene akuchita ndi kumene chinachokera. Pa maphunziro onsewa palibe amene anakakamizidwa kuimba kapena kutchula mawu alionse, ndipo ndinaona kuti ulemu umenewu unali weniweni kwa onse awiri, kwa wofunsayo ndiponso kwa eni mwambowo.

Komabe, ngati pali chifukwa chimodzi chimene ndingalimbikitsire munthu kuchita maphunziro amenewa, ndi amayi amene ankatiphunzitsa za kapangidwe ka thupi. Iwo ndi katswiri wa mafizo amene anagwirapo ntchito m'chipatala, ndipo ankabwera m'kalasi atanyamula chigoba cha mafupa chapulasitiki. Anatiwerengetsa timafupa ta msana ndi zala zathu pa misana ya anzathu, 7 ta m'khosi, 12 ta pachifuwa, 5 ta m'chiuno, mpaka aliyense atamva yekha kuti chigawo chilichonse chimapinda mosiyana ndi chinzake, ndiponso kuti timafupa ta m'chiuno sitinapangidwire kupotoka kwambiri. Tsiku lina anaitana ophunzira awiri a msinkhu wofanana n'kuwauza kuti agone chagada, ndipo anazunguza mwendo wa aliyense pang'onopang'ono pamene fupa la ntchafu limalowa m'chiuno. Mwendo wa wina unatseguka mosavuta, pamene wa mnzakeyo unaima panjira ngati chitseko chimene chagunda khoma. Anatiuza kuti pamenepo sikuti minofu ndi yolimba, koma fupa lakumana ndi fupa, ndipo ngakhale munthu ameneyo atachita khama zaka 20, kapangidwe ka mafupa ake sikadzasintha. Mphunzitsi amene angamukakamize kupinda miyendo yonse iwiri m'kakhalidwe ka padmasana adzangomuwononga bondo, chifukwa chiuno chikakana kuzungulira, mphamvu yonse imapita ku bondo, lomwe ntchito yake yaikulu ndi kupinda ndi kuwongoka. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuyang'ana anthu olimba thupi ngati aulesi.

Amayiwa anatipatsanso mndandanda wa anthu ofunika kusamala nawo, ndipo ankatifunsa mobwerezabwereza mpaka tinauloweza. Munthu wodwala matenda a maso a glaucoma sayenera kuika mutu pansi pa mtima kwa nthawi yaitali, chifukwa kutero kumakweza mphamvu ya madzi a m'diso. Wa BP yokwera asagwire mpweya m'chifuwa kapena kuima chadodolido. Wa mafupa ofooka, makamaka okalamba, asamawerame mozama atapinda msana, chifukwa timafupa ta msana tingathe kuphwanyika. Mayi woyembekezera asagone chafufumimba mimba ikakula kapena kupotokola mimba mwamphamvu, ndipo amene wachitidwa opaleshoni posachedwapa ayambe wamva kwa dokotala wake. Anatiphunzitsa kufunsa zimenezi mwaulemu kalasi isanayambe, munthu payekha, osati pagulu pamene ambiri amachita manyazi n'kungokhala chete.

Zonsezi ndinazimvetsa bwino pa tsiku lachisanu ndi chinayi la masiku 14 aja, pamene sukulu inaitana anthu akunja kuti tiyesere kuwaphunzitsa. Ine anandipatsa gulu la anthu 6, ndipo m'gulumo munali amayi ena achikulire, a zaka za m'ma 60, amene anali asanapondepo pa mphasa ya yoga. Titafika pa trikonasana, pamene munthu amatangadza miyendo n'kupendekera kumbali, ndinawauza kuti, "Amayi, tsitsani dzanja mpaka lifike pansi." Iwo anayesetsa ndi mphamvu zawo zonse, zala zili njenjenje pafupi ndi mphasa, ndipo ine ndinasangalala poona kuti atsala pang'ono kufika. Aphunzitsi a mafizo aja anabwera mwakachetechete n'kundinong'oneza kuti ndiyang'ane nthiti zawo. Nthitizo sizinkasuntha, amayiwo anali atagwira mpweya, atakukuta mano, ndipo bondo lawo lakutsogolo linali litalowa m'kati. Aphunzitsi anatenga kathabwa kamodzi, anakaimika chotalika pafupi ndi phazi lawo, n'kuwafunsa kuti, "Amayi, pa bondopo mukumva bwanji?" Iwo anayankha kuti, "Pakukoka ndithu, mwanangu, koma ndimati mwina ndi mmene zimakhalira." Ataika dzanja pa kathabwako, chifuwa chinatseguka, bondo linabwerera pamalo pake, ndipo anatulutsa mpweya wautali umene tonse tinaumva. Pambuyo pake aphunzitsi sanandikalipire. Anangondiuza kuti maso anga anali pa dzanja chifukwa ndi limene ndinazolowera kuliona pa zithunzi, ndipo anandipempha kuti tsiku lotsatira ndiphunzitse kalasi yonse osachita nawo kaimidwe kalikonse, ndikungoyendayenda ndi kuyang'ana nkhope ndi kapumidwe ka anthu. Kalasi imeneyo inandivuta kuposa mayeso onse, koma ndi imene inandiphunzitsa ntchito.

Nkhani ya kugwira thupi la wophunzira inaphunzitsidwanso mosamala. Aphunzitsi sanabise kuti m'mbiri ya yoga ya masiku ano muli aphunzitsi otchuka amene ophunzira awo, makamaka amayi, anadzaulula kuti ankawagwira mosayenera ponamizira kuwawongola. Chifukwa cha zimenezi, tinaphunzira kuwongola munthu ndi mawu poyamba, kenako pomuonetsa, ndipo kugwira kunali komalizira, munthuyo atavomera. Aliyense ankaika kakhadi pakona ya mphasa yake, mbali imodzi yovomera kugwiridwa, inayo yokana, ndipo ankatha kukatembenuza nthawi iliyonse popanda kufotokoza chifukwa. Njira imeneyi ndimaigwiritsa ntchito mpaka lero.

Zofooka za gawo la maola 200 zinalipo, ngakhale kuti sizinali zazikulu kwenikweni. Tinalipo 46 m'kalasi imodzi, ndipo pa Zoom mphunzitsi sangathe kuona bwino phazi la munthu amene akuoneka ngati kabokosi kakang'ono pa kompyuta. Mavidiyo ena anali akale, mawu ake osamveka bwino, ndipo maola oonera mavidiyowo ankawerengedwa ngati maola a maphunziro ngakhale panalibe wotsimikiza kuti munthu waoneradi. Pa maola onse 200, nthawi imene ine ndinaima patsogolo pa anthu, mphunzitsi akundiyang'anira ndi kundiwongola, sinakwane maola 5. Mayeso omaliza anali ofewa kwambiri, moti aliyense anakhoza, kuphatikizapo ena amene pa tsiku lomaliza ankasokonezabe mayina a mafupa ndi kuiwala kufunsa za matenda. Phunziro la za bizinesi linathera pa kujambula zithunzi zokopa za pa Instagram, pamene za inshuwalansi, za kusunga chinsinsi cha ophunzira ndi za chithandizo choyamba munthu akakomoka m'kalasi zinangotchulidwa mwapatalipatali.

Vuto lenileni linali m'gawo la maola 60 lija. Linayamba bwino ndithu, chifukwa maphunziro a kusinkhasinkha ndi a kupuma anali othandiza, ndipo anagwirizana ndi zimene amayi a mafizo anatiuza kale, kuti munthu akamatulutsa mpweya pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali kuposa imene waukokera, mtima umachepetsa liwiro ndipo thupi limayamba kumasuka. Zinthu zinasintha pamene tinafika pa kadyedwe ndi Ayurveda. Sindikunyoza Ayurveda, ndi mwambo wakale wa zachipatala wa ku India, ndipo kumeneko amene amafuna kukhala dokotala wake amaphunzira ku koleji zaka zoposa 5. Ife tinapatsidwa maola owerengeka, mafunso a pa pepala ogawira anthu m'magulu atatu a vata, pitta ndi kapha, kenako tinauzidwa kuti tingathe kuyamba kulangiza anthu zoyenera kudya ndi zitsamba zoyenera kumwa, n'kumawalipiritsa. Mphunzitsi wa gawoli ankabwereza tsiku ndi tsiku kuti kupotokola thupi kumafinya poizoni m'ziwalo za m'mimba, ndiponso kuti kusala zakudya masiku angapo n'kumangomwa madzi a zipatso kumatsuka magazi. Koma miyezi iwiri m'mbuyomo, m'sukulu yomweyo, tinaphunzira kuti ntchito yochotsa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo imachitika usana ndi usiku kaya munthu wapotokola thupi kapena ayi. Palibe amene anayesa kugwirizanitsa ziphunzitso ziwirizi, ndipo ophunzira ambiri anangotenga chimene chinkamveka chokoma m'khutu.

Tsiku limene mtima wanga unasweka ndi pamene mnzathu wina anafunsa za mayi ake, amene akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zambiri. Mphunzitsiyo anayankha kuti munthu akalimbikira kupuma moyenera ndi kumwa zitsamba zoyenerana ndi gulu lake, angathe kumachepetsa yekha mankhwala a kuchipatala pang'onopang'ono mpaka kuwasiya. Sanatchule dokotala ngakhale kamodzi. Ndinaona anzanga akulemba mawuwo m'makope mwawo, ndipo ndinaganiza za anthu amene tsiku lina adzamva malangizo amenewa kuchokera pakamwa pa mphunzitsi wa yoga amene amamukhulupirira. BP yokwera nthawi zambiri sipweteka. Munthu amatha kusiya mankhwala n'kumadzimva kuti ali bwino mpaka tsiku limene adzagwe ndi sitiroko. Ndinakweza dzanja n'kufunsa ngati si bwino kunena momveka kuti wosintha mankhwala ndi dokotala yekha, ndipo anandiyankha kuti ndikuganiza ndi mantha. Kumapeto kwa phunzirolo anatitumizira mndandanda wa ufa wa zitsamba ndi mapilisi amene tingagule kudzera kwa iwo n'kumagulitsa kwa ophunzira athu. Sanatiuze kuti kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2008 anapeza poizoni wa mtovu, mercury kapena arsenic m'mankhwala a Ayurveda ogulidwa pa intaneti, pafupifupi amodzi mwa asanu alionse amene anayezedwa, ndiponso sanatiuze kuti zitsamba zina zimasokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwala a kuchipatala. Ndinalembera akuluakulu a sukulu kalata yodandaula. Anandiyankha mwaulemu, kundithokoza ndi kulonjeza kuti aunikanso nkhaniyo, koma pamene ndinkamaliza maphunziro, vidiyo ya phunziro limenelo inali ikadalipo, osasinthidwa ngakhale liwu limodzi.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti yoga sifunika kuikokomeza kuti ioneke yaphindu. Mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linaika yoga m'gulu la njira zosagwiritsa ntchito mankhwala zimene munthu wa msana wopweteka kwa nthawi yaitali angayambe wayesa. Bungwe la World Health Organization, m'malangizo ake a mu 2020, limalimbikitsa munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, ndi kulimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo, komanso limalimbikitsa okalamba kuchita zothandiza kuima mosagwedezeka kuti asamagwe; kalasi yabwino ya yoga imathandizira pa zimenezi. Mu December 2014 bungwe la United Nations linavomereza kuti pa 21 June pazikhala tsiku la yoga padziko lonse, ndipo mu 2016 UNESCO inaika yoga m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu. Chinthu cholemekezeka chotere, chimene chimathandizadi anthu kusuntha, kupuma bwino ndi kuchepetsa nkhawa, sichiyenera kusenzetsedwa malonjezo ochiza matenda amene sichingawachize.

M'makalasi anga ndaona kuti anthu amamukhulupirira kwambiri mphunzitsi wa yoga, mwina chifukwa amakumana naye ali omasuka, atavula nsapato, ndipo amamva bwino akamatuluka. Kalasi ikatha amatsalira n'kumandiuza za kusowa tulo, za shuga, za imfa ya m'banja, za maganizo amene akuwalemera. Abambo ena amene akhala akubwera kwa miyezi itatu anandiuza tsiku lina kuti akamadzuka pa mphasa amaona chizungulire ndipo mwendo wakumanzere umachita dzanzi, n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndi kaimidwe kati kamene kangachotse zimenezi?" Satifiketi ya maola 60 ija inkandipatsa mawu ambiri oti ndiwayankhe, koma mawu amene ndinagwiritsa ntchito anali a amayi a mafizo aja. Ndinawauza kuti zimenezi ndi zofunika kuti awaone adokotala asanabwerenso m'kalasi, ndipo ndinawalembera pa pepala zimene ndinaona kuti akawaonetse. Anabwerera patapita milungu itatu ali ndi malangizo a kuchipatala, ndipo tinasintha kachitidwe kawo kuti kagwirizane nawo: amadzuka pang'onopang'ono atayamba agona cham'mbali, saika mutu pansi, ndipo zambiri amachitira pa mpando pafupi ndi khoma.

Kwa amene akuganiza zochita maphunziro ngati amenewa, ndinganene kuti gawo la maola 200 ndi loyenera ndalama ndi nthawi yake, makamaka ngati munthu wachita kale yoga kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo pansi pa mphunzitsi womuona ndi maso. Amene wangoyamba kumene adikire kaye, chifukwa maola amenewa ndi ochepa kwambiri kuti munthu aphunzire thupi lake ndi la ena pa nthawi imodzi. Asanalembetse afunse kuti wophunzitsa za kapangidwe ka thupi ndi ndani ndipo anaphunzira chiyani, kuti m'kalasi mudzakhala anthu angati, kuti ndi maola angati amene iye adzaphunzitse akuyang'aniridwa, ndiponso ngati pali amene analepherapo mayeso a sukuluyo. Afunsenso ngati sukuluyo imagulitsa zitsamba kapena mapilisi, ndipo akamva kuti imagulitsa, aonetsetse kuti wophunzitsa za umoyo si yemwenso akupindula ndi malondawo. Gawo la ulangizi wa umoyo wa munthu yense, m'mene linaperekedwera kwa ife, sindingalimbikitse aliyense kulichita; amene akufunadi kulangiza anthu za kadyedwe kapena za maganizo apite kumaphunziro athunthu a ntchito zimenezo, amene amatenga zaka ndipo amayang'aniridwa ndi mabungwe a zachipatala.

Satifiketi yachiwiriyo ndinaisunga m'kabati, ndipo pa zolengeza za makalasi anga ndimangolemba kuti ndine mphunzitsi wa yoga. Mwezi wamawa ndikuyamba maphunziro a chithandizo choyamba, amene sukulu inayenera kutipatsa, ndipo amayi a mafizo aja avomera kuti kamodzi pa mwezi ndizikakhala kumbuyo kwa kalasi yawo ya okalamba, ndili ndi kope m'manja, kuonerera mmene amaikira mpando ndi mmene amafunsira za bondo.